Kalata yotseguka kwa amene mukufuna kudzutsa moa

Olemekezeka a Nduna yoona za kasamalidwe ka zachilengedwe ku New Zealand, akuluakulu a Ngāi Tahu, limodzi mwa mafuko a Amaori amene ndi eni nthaka a dzikolo, oyang'anira nyumba yosungiramo zakale ya Canterbury Museum, ndi inu atsogoleri a kampani ya Colossal Biosciences,

Landirani moni wanga. Ndine munthu wakutali, wopanda mpando kapena udindo uliwonse pa nkhaniyi. Dziko ndi lanu, nkhalango ndi zanu, ndipo mafupa amene ndikufuna kunenawa anagona m'nthaka ya makolo anu. Chimene chandilimbitsa mtima kuti ndikulembereni n'chakuti mtundu wa mbalame ukatha sutha kwa eni dziko okha. Umathera tonse, ngakhale ife amene sitinamvepo kulira kwake.

Mu Julaye 2025 inu a Colossal, ofufuza a Ngāi Tahu ndi a Canterbury Museum munalengeza kuti mwagwirana manja pofuna kubwezeretsa moa, chimbalame chosauluka chimene chinatha zaka pafupifupi 600 zapitazo. Tinamva kuti a Peter Jackson, wopanga mafilimu amene wakhala akusonkhanitsa mafupa a moa, athandiza kuti papezeke madola a ku America okwana 15 miliyoni oyambira ntchitoyo. Sindibisa, nditamva mtima wanga unadumpha. Ndinaimapo pansi pa mafupa a moa olumikizidwa ndi waya m'nyumba ina yosungiramo zakale, ndipo zimene ndinaona tsiku limenelo sizinandichoke. Miyendo yake ndi mizati, yonenepa ngati ya ng'ombe. Khosi limangopita m'mwamba osafuna kutha, koma kumapeto kwake kuli kamutu kakang'ono koti munthu n'kukafumbata m'manja awiri. Ndinazungulira kufunafuna pamene panali mapiko, osapeza kanthu. Nthiwatiwa ili ndi mapiko ngakhale siuluka, kiwi nayo ili ndi timapiko tobisika mu nthenga, koma moa inalibe ngakhale kafupa kamodzi ka phiko. Ndani angaime pamenepo osalakalaka kuti chinthucho chipume, chitembenuze mutu, chimuyang'ane?

Chilakolako chimenecho ndikuchidziwa, ndiye musaganize kuti ndikukunyozani. Pempho langa ndi lakuti musalole kuti moa yakufa idye chakudya cha mbalame zamoyo.

Ndiyambe ndi mafupawo, chifukwa ndimalemekeza kwambiri kafukufuku wa pa iwo. Mu 1839 katswiri wina wa ku London, Richard Owen, anapatsidwa chidutswa cha fupa chotalika ngati chikhatho, chothyoka mbali zonse ziwiri. Poyamba chinkaoneka ngati fupa la ng'ombe. Atayang'anitsitsa mkati mwake n'kuona timaenje tangati ta zisa za njuchi, iye ananenetsa kuti ku New Zealand kunali chimbalame chofanana ndi nthiwatiwa. Ambiri anakayika, koma patapita zaka zochepa mabokosi a mafupa anafika, ndipo mu 1843 anaitcha Dinornis. Kuyambira pamenepo mafupa akhala akulankhula pang'onopang'ono kwa amene ali ndi mtima wodikira. Lero tikudziwa kuti kunali mitundu 9 ya moa, ina yaing'ono ngati nkhukundembo, ina yoti ikatambasula khosi inkafika mamita 3.6 n'kulemera makilogalamu oposa 200. Tikudziwanso kuti akale ankaimika khosi lake chilili pofuna kudabwitsa anthu, pamene mbalameyo kawirikawiri inkayenda mutu uli kutsogolo, ikusakasaka masamba ndi nthambi. Mu 2003 DNA, chinthu cha m'maselo chimene chimasunga chibadwa cha chamoyo, inaonetsa kuti mafupa aakulu ndi aang'ono amene kwa zaka zambiri ankawayesa a mitundu yosiyana anali a zazikazi ndi zazimuna za mtundu umodzi. Yaikazi ndi imene inali chimphona, ndipo inkatha kulemera kuwirikiza kawiri tambala wake.

Zimenezi n'zosangalatsa, koma pali zina zimene mafupa ananena zomwe n'zowawa, ndipo ndi zimene ndikufuna muzikumbukire pamene mukugawa ndalama. Akatswiri atadula mafupa a miyendo anapezamo mizere yangati ya m'thunthu la mtengo, yosonyeza kuti mitundu ina ya moa inkatenga zaka pafupifupi 10 kuti ikhwime. Inkaikira dzira limodzi kapena awiri basi. Mbalame yotere ilibe changu chobwezera imene yafa. Mu 2014 ofufuza anayeza DNA ya moa 281 za mitundu inayi zofukulidwa kumpoto kwa Canterbury, n'kupeza kuti kwa zaka 4,000 anthu asanafike, chiwerengero chake sichinkatsika. Sizinali mbalame zodwala kapena zotopa ndi nyengo. Anthu anafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, anali ochepa kwambiri, analibe mfuti, koma pasanathe zaka 200 moa inali itatha psiti. Ku Wairau Bar, amodzi mwa malo akale kwambiri amene anthu anakhalako, anafukulako maenje ootchera nyama, milu ya mafupa ndi makoko a mazira. Munthu akadya nyama ya make ndi dzira lomwe, wadya mibadwo iwiri pa tsiku limodzi. Moa itapita, chiwombankhanga cha Haast, chachikulu kuposa ziwombankhanga zonse zodziwika, chimene chinkaigwera pamsana ndi zikhadabo zangati za nyalugwe, nacho chinasowa chakudya n'kutsatira.

Akuluakulu a Ngāi Tahu, sindikunena izi poloza chala makolo anu. Anachita zimene anthu achita paliponse pamene apeza nyama yosadziwa kuopa munthu. Amalinyero a ku Ulaya ndi nyama zimene anabwera nazo anamaliza mbalame ya dodo ku Mauritius m'zaka za m'ma 1600. Mu 1844, pa kachilumba ka Eldey kufupi ndi Iceland, amuna anapotola makosi a mbalame ziwiri zotsiriza zodziwika za mtundu wa great auk, zili pa dzira, chifukwa kunali wofuna kugula zikopa zake. Amenewotu anali kudziwa kale kuti mbalameyo yasowa. Kusiyana kwake n'kwakuti anthu anu anasunga chisoni chimenecho m'chinenero chawo. Muli ndi mawu akuti "ka ngaro i te ngaro a te moa", onena za chinthu chotayika monga mmene moa inatayikira. Anthu amene anaika maliro a mbalame m'mwambi ndi oyenera kumvedwa poyamba pa nkhaniyi, ndipo n'chifukwa chake ndikupempha kuti mawu a mafuko ena a Amaori, amene moa inkayendanso m'dziko lawo, afunsidwe mokwanira ntchitoyi isanapite patali.

Tsopano kwa inu a Colossal. Mu Epulo 2025 munaonetsa dziko tiana ta mimbulu toyera n'kunena kuti mwadzutsa mmbulu wakale wotchedwa dire wolf. Zimene zinachitika n'zakuti munasintha malo 20 m'zigawo 14 za DNA ya mmbulu wamba wa masiku ano. Ndi luso lalikulu, sindikana, koma akatswiri ambiri, kuphatikizapo a gulu loona za mimbulu ndi ankhandwe la IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, anati nyamazo ndi mimbulu yamakono yosinthidwa. Kwa moa phiri lake ndi lalitali kuposa pamenepo. Wachibale wake wapafupi amene ali moyo ndi tinamou, kambalame ka ku South America kangati nkhwali, kamene kamauluka, ndipo makolo a ziwirizi anasiyana zaka mamiliyoni makumi angapo zapitazo. Njira imene asayansi anapangira nkhosa yotchedwa Dolly kuchokera ku selo la nkhosa ina sigwira pa mbalame, chifukwa mwana wa mbalame amakulira m'dzira la chikoko. Dzira la moa yaikulu linkatalika masentimita pafupifupi 24, pamene la emu, chimbalame chosauluka cha ku Australia chimene mukuchiganizira kuti ingathandize, limangopitirira pang'ono theka la pamenepo. Mwanapiye wa chimphona adzakwana bwanji m'menemo? Ndipo akadzaswa, adzamuphunzitsa ndani kulira kwa mtundu wake, njira za kumadzi, ndi masamba oyenera kudya?

Mwina mudzapambana pa zonsezi, ndipo padzaima chimbalame chachitali cha nthenga zofiirira chimene anthu adzachiombere m'manja. Pempho langa ndi laling'ono: mudzachitchule dzina lake lenileni. Bungwe la IUCN linalemba kale mu 2016 malangizo a ntchito zoterezi, ndipo linasankha dala kunena za cholowa m'malo mwa nyama yakale, osati nyama yakaleyo. Mawu amenewa ali ndi ntchito. Mwana wasukulu akamva kuti nyama yotha ingathe kudzutsidwa, mwini mgodi naye wamva, wandale wofuna kudula ndalama za nkhalango naye wamva. Chimene chakhala chikugwira dzanja la owononga ndi mantha akuti madzi akatayika saoleka. Mukawauza kuti amaoleka, pamene mukudziwa kuti mwaola ena ongofanana nawo, mwamasula dzanja limenelo.

A Nduna, gawo lalikulu la kalatayi ndi lanu. M'dziko lanu muli mitundu ya zamoyo yoposa 4,000 imene boma lanu lomwe limati ili pangozi kapena ikuyandikira ngozi. Pakati pake pali mbalame zosauluka zimene zinaona moa ndi maso, ndipo zikadali moyo.

Taganizirani kākāpō, chinkhwe cholemera kuposa zinkhwe zonse, chobiriwira ngati ndere, choyenda usiku. Nthawi yoswana ikafika, tambala amakwera pachitunda, n'kukumba kadzenje kangati mbale, n'kukhalamo, n'kufufuma chifuwa ngati mpira, n'kumalira mawu apansipansi angati ng'oma yakutali usiku wonse, kwa miyezi, kudikira kuti thadzi limve. Zimenezi sizichitika chaka chilichonse, koma pokhapokha mitengo ya rimu ikabereka kwambiri, mwina pakapita zaka ziwiri, zitatu kapena zinayi. Ikaona mdani, kākāpō imangoti duu, osagwedezeka, kudalira kuti mtundu wa nthenga zake uibisa. Nzeru imeneyi inkagwira pamene adani ake anali mbalame zosaka ndi maso kuchokera kumwamba. Kwa mphaka, khoswe ndi kanyama kangati likongwe kotchedwa stoat, zimene zimasaka ndi mphuno, mbalame yonunkhira yoima chilili ndi chakudya chotengera pambale. Mu 1995 zinatsala 51 zokha. Lero zapitirira 200, ndipo palibe chozizwitsa chimene chinachitika. Kunali anthu ogona m'matenti pa chilumba cha Whenua Hou m'mvula ndi m'chisanu, oyeza anapiye pasikelo usiku, osintha kachipangizo kolondolera kamene mbalame iliyonse imavala kumsana, onyamula zodwala pa ndege kupita nazo kwa madokotala pamene matenda a m'mapapo anabuka mu 2019. Ndipo apa sayansi ya DNA inagwira ntchito imene ndimaiyamikira ndi mtima wonse: anawerenga DNA ya pafupifupi kākāpō iliyonse yamoyo, kuti adziwe zoyenera kuswana ndi chifukwa chake mazira ambiri saswa.

Takahē, mbalame inanso yosauluka, nayo anthu anali ataiika kale m'gulu la zakufa. Kwa zaka 50 palibe anaiona, mpaka mu Novembala 1948 pamene dokotala wina, Geoffrey Orbell, anakwera mapiri a Murchison kufupi ndi nyanja ya Te Anau n'kuipeza ikudya udzu, mlomo wake wofiira uli psuu. Zinatenga zaka 75 za ntchito yosaoneka kuti zifike pafupifupi 500 mu 2023. Kumeneku ndiye kudzuka kwa akufa kumene dziko lanu linakuonapo kale, ndipo kunatheka chifukwa panali mbalame yamoyo yoyambira.

Za kiwi ndinene mwachidule, poti mukuzidziwa kuposa ine. Zatsala pafupifupi 70,000. Kumalo kopanda misampha, mwa anapiye 100 amene aswa, amene amakula ndi ngati asanu okha, ndipo wakupha wamkulu ndi stoat yemweyo, amene anthu anabwera naye dala m'zaka za m'ma 1880 kuti athane ndi akalulu. Mu 1987 galu mmodzi yekha wosokera m'nkhalango ya Waitangi anapha kiwi zimene ofufuza anayerekeza kuti zinali pafupifupi 500 m'milungu yochepa. Mankhwala ake ndi odziwika ndipo alibe ulemerero: bokosi la matabwa lokhala ndi msampha mkati, nyambo, ndi munthu woyenda mtunda wautali m'matope kukachotsa zowola n'kutcheranso. Mazira ena amatengedwa kuthengo, anapiye n'kuleredwa mpaka atalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, msinkhu umene amatha kudziteteza kwa stoat, kenako n'kubwezedwa.

Ntchito yotereyi ikaima chaka chimodzi, zaka khumi zimapita m'madzi. Mbiri yanu ili ndi umboni. Kuyambira mu 1894 Richard Henry anagwira kākāpō ndi kiwi mazana angapo n'kuziwolotsa pa bwato kupita nazo ku chilumba cha Resolution, kumene ankakhulupirira kuti adani safikako. Mu 1900 stoat inaoneka pa chilumbacho, itasambira kuchokera kumtunda, ndipo m'zaka zochepa thukuta lake lonse linatha. Munthu ameneyo ndimamuganizira kawirikawiri. Analibe cholakwa china koma kukhala yekha, wopanda zida ndi anthu omuthandiza pa nthawi imene zinkafunika.

Mudzandiyankha kuti ndalama za moa ndi za anthu apadera, sizichokera m'thumba la boma, ndipo sizikanapita kwa kiwi ngakhale ntchitoyi ikanapanda kukhalapo. Pali choona pamenepo. Koma chimbalame chikadzaswa chidzafuna malo aakulu otchingidwa, madokotala, alonda ndi chisamaliro cha zaka zambirimbiri, ndipo kampani ikadzatembenukira ku nyama ina yokopa maso, katunduyo adzatsala pamutu pa dziko. Mu 2017 ofufuza motsogozedwa ndi Joseph Bennett anawerengetsera nkhani yomweyi pogwiritsa ntchito zitsanzo za ku New Zealand ndi New South Wales ku Australia, n'kupeza kuti boma likasenza mtengo wosamalira nyama zodzutsidwa, mitundu yamoyo imene ingataye thandizo ingachuluke kuposa yodzutsidwayo. Palinso chuma china chosawerengeka pa pepala: akatswiri a mbalame ndi ochepa, maola awo ndi ochepa, ndipo chidwi cha anthu chimatha msanga. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Dziko limene linalonjeza mu 2016 kuti pofika 2050 lidzakhala litathana ndi makoswe, stoat ndi kanyama ka m'mitengo kotchedwa possum lili kale ndi ntchito yokwana manja onse awiri.

Choncho ndikupempha kuti boma linene poyera, ndi kulemba, kuti palibe ndalama ya mbalame zamoyo imene idzapatutsidwe kupita ku moa, lero kapena m'tsogolo, ndipo kuti amene akudzutsa chimbalamecho aike padera ndalama zochisamalira moyo wake wonse dzira loyamba lisanaikidwe. Ndikupemphanso a Colossal kuti luso lililonse limene mungalipeze panjira, makamaka la kusunga ndi kukulitsa maselo oberekera a mbalame, mulipereke kwaulere kwa amene akusamalira kākāpō ndi takahē. Mbalame zimene zinatsala zochepa zinataya mbali ina ya chibadwa chawo, ndipo mbali imeneyo ikadali m'zikopa ndi m'mafupa akale a m'nyumba zosungiramo zakale. Mukadzatha kuibwezera mwa mbalame yamoyo, ine ndidzakhala woyamba kuvula chipewa.

Inu oyang'anira mafupa, kumbukirani kuti kutenga DNA kumafuna kuboola kapena kupera fupa, ndipo fupa la moa silimera lina. Dambo la Pyramid Valley linakusungirani mafupa athunthu, ena ali ndi miyala ya m'nthutumba ndi chakudya chomaliza chikadali pamalo pake. M'mapanga ouma a kum'mwera munapezeka nthenga, khungu, ngakhale zitosi zouma zimene zauza ofufuza zomera ndi bowa zimene moa inkadya, n'kuthandiza kumvetsa mmene nkhalango inalili nyama zobwera monga agwape zisanalowemo. Chuma chimenechi chikhale cha ofufuza onse, ndipo zonse zimene ziwerengedwe kuchokera m'mafupawo zikhale poyera, eni ake akhale anthu a dzikolo. Malonda a mafupa a moa nawonso athe, chifukwa fupa likazulidwa m'phanga popanda kulemba pamene linagona, theka la nkhani yake latayika.

Pomaliza ndikupempheni kuti mutembenuzire maso ku Madagascar, ngakhale kuti si dziko lanu, chifukwa sayansi yakupangani achibale. Kumeneko kunali chimbalame cholemera kuposa moa, Aepyornis, chotalika mamita atatu, chimene dzira lake limodzi linkalowa mazira a nkhuku pafupifupi 150. Chinatha zaka ngati 1,000 zapitazo, ndipo mpaka lero makoko a mazira ake ali mbwee m'milu ya mchenga ya kum'mwera kwa chilumbacho. Mu 2014 DNA inaulula chinthu chimene palibe ankachiyembekezera, chakuti wachibale wake wapafupi ndi kiwi yanu yaing'onoyo. Mazira athunthu a chimbalamechi akhala akugulitsidwa kunja. Limodzi linagulidwa ku London mu 2013 pa mapaundi oposa 60,000. Pa chilumba chomwecho kambalame ka m'madzi ka ku nyanja ya Alaotra kanalengezedwa mu 2010 kuti katha, dziko lili phee. Bakha wa kumeneko wotchedwa Madagascar pochard, amene ankamuyesa wotha, anapezekanso mu 2006 pa kanyanja kena kakutali kumpoto ali ochepa kwambiri, ndipo mu 2018 abakha 21 oleredwa ndi anthu anamasulidwa pa nyanja ya Sofia. Amene akugwira ntchito imeneyo akusowa zinthu zimene inu muli nazo zambiri: luso lolera anapiye, lolondola mbalame, loteteza zisa. Pa ulendo wotsatira wa ophunzira ntchito ku Whenua Hou kapena kumalo olererako takahē ku Burwood, sungani malo awiri kapena atatu a achinyamata a ku Madagascar, ndipo ulendo wawo ulipiridwe kuchokera m'thumba lomwelo la moa.

Ine wanu mwaulemu,
Wokonda mbalame